Masamba pa Msewu wa ku Mkuyu

Kumunsi kwa nyumba yathu ku Bangwe kuli bwalo lotsetsereka lomwe limakathera pa kamtsinje. Pamapepala a khonsolo malowo ndi paki, koma ife tinkangoti ku Mkuyu, chifukwa cha mtengo waukulu womwe uli m'mphepete mwa madzi. Paki yakeyo inalibe mpando, inalibe mpanda, inalibe ngakhale duwa limodzi. Kumtunda anyamata ankamenyako mpira, pakati anthu ankadzalapo chimanga mobera, ndipo mbuzi zinkayenda ponseponse ngati kuti nazonso zimalipira msonkho.

Ndili mwana ndinkadana nawo mtengo umenewo. Amayi anga ndi munthu wofatsa, woti ukawaponda phazi amapepesa ndi iwo, koma akangondipeza pansi pa mkuyu ankasanduka munthu wina. Tsiku lina anatipeza tikusewera fulaye pamenepo ine ndi anzanga. Anandikoka khutu kuchokera kumtsinje mpaka pakhonde, anthu akuonerera. Nditafunsa chomwe ndalakwa anangoti, "Pamene paja sipopondaponda." Anzanga ena amayi awo ankawauza kuti pali njoka, ena ankawauza kuti pali mizukwa. Ine ndinangoona kuti akuluakulu amakonda kuletsa zinthu zokoma.

Chodabwitsa n'chakuti amayi omwewo ndi anzawo angapo, mvula ikangoyamba, ankatsetsereka ndi makasu kukalambula pansi pa mtengowo. Sankadzalapo kanthu. Munthu akataya zinyalala pafupi, ankamutsata mpaka kwawo kuti akazitole. Abambo anga ankaseka nazo zimenezi. "Azimayi inu," ankatero, "kuseri kwa nyumba udzu uli m'chiuno, koma mukukapalira mtengo wa khonsolo. Anakulembani ntchito?" Amayi ankangomwetulira n'kukatsuka khasu lawo.

Ine ndinakula, ndinakwatiwa, ukwati unatha, ndinabwerera pakhomo pa makolo ndi makina anga osokera. M'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi kupita ku Limbe, komwe ndinkasoka pakhonde la sitolo ina yakale. Ndiye nkhani yokonzanso tauni itabwera, inayamba ndi kundiluma ine, ndisanadziwe kuti idzafika mpaka kwathu. Masitolo akale ankati agwetsedwe pamangidwe nyumba zosanjikizana, ndipo ife a m'makonde pamodzi ndi mavenda a m'misewu tichoke. Kuti tisasowe kolowera, khonsolo inati imanga misika kumadera komwe timakhala. Ku Bangwe diso lawo linagwera pa bwalo lathu lija.

Abambo anasangalala ngati mwana amene amugulira nsapato za Khrisimasi. Iwo anayendetsa malole moyo wawo wonse, ndipo atapuma pantchito ankangokhala pakhonde kukangana ndi wailesi. Anthu atawasankha kulowa m'komiti ya msika, anatulutsa jekete lomwe linaiwalika kale m'sutikesi, n'kuliyanika padzuwa kuti fungo lichoke. Ankalota benchi yogulitsirapo misomali ndi maloko, ine ndili pambali pawo ndi makina anga. Kunena zoona, nanenso ndinkalota zomwezo. Kukwera minibasi ya ku Limbe tsiku ndi tsiku, wina atakukhalira pantchafu, wina atakusenzetsa dengu la usipa, si moyo woti munthu n'kuulirira.

Madzulo ena abambo anajambula pulani yonse pansi ndi kamtengo. Apa mashedi, apa poima maminibasi, apa ogulitsa makala.

"Nanga kumunsi?" amayi anafunsa, maso ali pa nyemba zomwe ankasankha.

"Kumunsi zimbudzi ndi dzala. Zonyansa zonse zizipita kumeneko."

"Mkuyu?"

"Mkuyu ndi nkhuni, amake mwana. Muphikira nyemba zanuzo."

Ine ndinaseka. Amayi ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba. Mawa lake tinadya nyemba zamiyala, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo pakhomo pathu.

Tepi ya telala sinama. Patapita milungu ingapo ndinkawasokera amayi diresi lovala ku ukwati wa msuweni wanga, ndipo nditawazungulitsa tepi m'chiuno ndinaona kuti munthu watha. Ndinayezanso poganiza kuti ndalakwitsa.

"Amayi, mukudwala koma mukubisa. Mawa tipite kuchipatala."

"Sindikudwala ine."

"Ndiye thupi lapita kuti? Mwabwereketsa?"

Sanaseke. Anasuzumira pakhomo kuona ngati abambo ali pafupi, kenako anakhala pamphasa, nsalu ikadali paphewa.

"Iwe si mwana wanga woyamba," anatero.

Anandiuza motsitsa mawu, maso ali pansi. Atangokwatiwa kumene, dera lathuli likadali tchire ndi nyumba zapatalipatali, anaima. Matenda anawayamba abambo ali paulendo wa lole, ndipo panalibe galimoto yowatengera kuchipatala. Anachirira m'manja mwa azamba, koma mwanayo sanalire. Mwana wotero amati nthayo. Sapita kumanda a akuluakulu, sakhomeredwa bokosi, saimbiridwa nyimbo, ndipo amuna sayandikirako. Azimayi okhaokha anamukulunga m'chitenje n'kukamuika pansi pa mkuyu, pomwe dothi ndi lofewa. Azimayiwo anawalangiza amayi kuti asagwetse msozi, ati ukalira sudzaonanso wina. Atapezako mphamvu, azamba anawatenga ngati akupita kochapa, n'kuwalozera ndi chibwano pakati pa mizu iwiri.

"Nanga ababa?" ndinafunsa.

"Atabwera anangowauza kuti zinapita padera. Mwamuna safunsa zambiri. Anandigulira shuga ndi chitenje, basi."

"Ndiye mpaka lero sadziwa kuti ali pati?"

"Sadziwa. Ndipo si ine ndekha. Tonse timapalira kuja, aliyense ali ndi wake."

Ndinangozindikira kuti ndagwira khutu langa lija. Kenako mkwiyo unandikwera, poti ine ndine wa mtima wapachala, ndinatengera abambo. Ndinakwiyira azamba omwe anamwalira kalekale, ndinakwiyira mwambo, ndinakwiyira jekete. Ndinadzambatuka kuti ndikawauze abambo pompo, koma amayi anandigwira mkono ndi mphamvu zomwe sindinkadziwa kuti akadali nazo.

"Ukatero wandivula. Zimenezi sauza amuna."

"Ndiye mulole amange chimbudzi pamutu pa mwana wanu chifukwa cha manyazi?"

Mawuwo anali olasa, ndipo ndinawaona akulowa. Amayi anandisiya mkono. Khoswe anali atakhala pamkhate, chifukwa munthu wolimbikitsa kwambiri kuti mtengo udulidwe anali womwe tinkadya naye mbale imodzi.

Amene anapeza njira ndi mayi wina woyandikana nafe, wogulitsa mandasi, Mlomwe wa pakamwa posatseka yemwe ngakhale makondakitala amamuopa. Iye anali ndi mapasa pansi pa mtengowo. Azimayi opalira aja anakumana kwathu tsiku lina abambo ali ku komiti, ngati akudzaphunzira nyimbo za kwaya. Wina anati tipite kwa a khansala, anzake n'kumufunsa kuti a khansalawo ndi mkazi kodi. Wina anati tingopemphera. Anakambirana mpaka tiyi anazizira, aliyense akuzungulira nkhani osaitchula dzina. Mayi wa mandasi anangowomba m'manja kamodzi.

"Tamverani kuno. Anatiletsa kulira, tinamvera. Anatiletsa kunena, tinamvera. Koma alipo anatiletsa kuthyola masamba? Ine sindinamvepo."

Tonse tinamva chomwe ankatanthauza. Kwathu kuno pakagwa maliro timayala nthambi zamasamba mopingasa msewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya siwa, ndipo aliyense wodutsa amadziwa chochita. Ana a ku Mkuyu anali asanayaliridwepo masamba.

Akuluakulu a khonsolo anali atanena kuti abwera Lachinayi kudzaona malowo asanamange mfundo. Tsiku limenelo sindinapite ku Limbe. Dzuwa litangotuluka tinathyola nthambi za mango n'kuziyala pamsewu wodutsa pamwamba pa bwalo, uku ndi uku. Kenako azimayi anatsetsereka n'kukakhala pansi pa mkuyu, atavala zitenje zakale ndi maduku, miyendo atatambasula. Panalibe nyimbo, panalibe wolankhula. Ine ndinakhala kumbuyo kwa amayi ndili ndi mantha, chifukwa kuyala masamba popanda maliro ndi mlandu, ndipo ena amati ndi kuitana imfa. Ndinkadziuza kuti maliro alipo, angochedwa.

Bangwe anamvera masamba. Maminibasi ankafika n'kuchepetsa liwiro, oitanira atatseka pakamwa. Akabaza ankatsika n'kumakankha njinga. Mnyamata wa shopu ya pakona, yemwe nyimbo zake zimagwedeza malata athu kuyambira m'mawa, anazimitsa wailesi. Azimayi odutsa ndi madengu ankatula n'kutsetsereka, poti maliro n'kulirana, ndipo ankafunsa monong'ona kuti watisiya ndani. Akauzidwa, ena ankagwira pakamwa, ena ankangosendera pafupi ndi mtengo. Ndinaona mayi wina wachikulire wa ku Mpoto, mkazi wa mphunzitsi wopuma, yemwe sankapalira nawo n'komwe, akukhala mbali ina ya tsinde ngati munthu wodziwa malo ake.

Galimoto ya khonsolo inafika dzuwa litakwera n'kuima pa masamba. Munatsika azibambo ndi mtsikana mmodzi wovala thalauza, atanyamula mapu okulunga. A khansala ndi a komiti anawachingamira, abambo anga ali patsogolo ndi jekete lawo. Ndinkawaona patali akutembenukira uku ndi uku, kufunsa anzawo. Munthu wa m'komiti osauzidwa za maliro a m'dera lake, alendo ali pomwepo, ndi manyazi osasimbika.

Onse anatsetsereka wapansi, zipewa zili m'manja. Mtsikana wa mapu uja atayandikira anayang'ana mtengo, anayang'ana pansi polambulidwa bwino, anayang'ana gulu lathu lopanda mwamuna ndi mmodzi yemwe, lopanda bokosi, lopanda nyimbo. Anapatsira mnzake mapu, anatulutsa chitenje m'chikwama, anachimanga pamwamba pa thalauza, n'kukhala pansi pamodzi nafe. Sindidziwa kwawo mtsikana ameneyo, koma kwawoko anamuphunzitsa.

Wamkulu wa alendowo ananjuta patsogolo pathu.

"Pepani amayi, sitinadziwe kuti tipeza zovuta. Watisiya ndani?"

Ndinayang'ana mayi wa mandasi, mwini nzeru, koma pakamwa pake paja tsiku limenelo panauma. Masamba anali atagwira ntchito yake, anaimitsa galimoto, anatsitsa anthu, koma masamba sayankha funso. Ndinaona kuti zatikanika. Tioneka amisala, anyamata achotsa nthambi, alendo atambasula mapu awo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene ine, zivute zitani.

"Ana athu," anatero amayi anga.

Mawu awo anali aang'ono, koma aliyense anamva.

"Ana? Zachitika liti, amayi?"

"Kalekale, bambo. Uyu asanabadwe." Anandiloza ine, munthu woti imvi zayamba kale. Kenako anasendera patsogolo n'kuika chikhatho pansi, pakati pa mizu iwiri. "Wanga ali apa."

Mayi wa mandasi anaika manja onse awiri pansi. Wina anaika lake, winanso, mpaka mayi wa ku Mpoto uja. Ndiyeno amayi analira. Ndinali ndisanawamvepo akulira choncho, ngakhale pa maliro a agogo. Kunali kulira kwa mtsikana wongokwatiwa kumene, kotuluka m'thupi la munthu wokalamba. Enawo anawatsatira, ndipo ine, amene ndinabwera ndi mkwiyo, ndinapezeka ndikulirira m'bale wanga yemwe sindinkadziwa ngati ndimutche achimwene kapena achemwali.

Abambo anali chiimire, chipewa chili pachifuwa. Anayang'ana dzanja la amayi pansipo nthawi yaitali. Kenako anatembenuka n'kukwera mtunda okha, pang'onopang'ono ngati lole yolemedwa ndi katundu.

A khonsolo sanalonjeze kanthu. Anapepesa monga momwe anthu apepesera pamaliro, anayenda m'mphepete mwa mtsinje, anayeza zoyeza zawo, n'kumapita. Ife tinachotsa masamba tokha.

Milungu yotsatira inali yowawa. Kumjigo ndi m'minibasi anthu ankati azimayi a ku Mkuyu atsekereza chitukuko. Mnzanga wina wa pakhonde ku Limbe anandiuza pamaso kuti akufa sadya, amadya ndi amoyo. Ndinamuyankha mawu omwe sindingalembe pano, koma ndikakhala ndekha pamakina ndinkadziwa kuti nayenso ali ndi ana ofuna phala. Mphekesera nazo sizinkagona. Lero ati abwera kudzafukula, mawa ati azimayi onse akayankha mlandu woika anthu pamalo osaloledwa. Ndikamva phokoso la thirakita pamsewu ndinkathamangira pakhonde kukayang'ana kumunsi. Abambo sankalankhula za tsiku lija. Amayi ankawaikira chakudya atagwada monga kale, iwo ankathokoza monga kale, koma m'nyumba munali ngati mwafika mlendo. Wailesi nayo inapuma, inasowa wokangana nayo.

Loweruka lina a khansala anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu kuti anene mfundo yomwe khonsolo yamanga. Amayi anakana kupita. Ine ndinatsala nawo, tikuchapa zovala zomwe zinali zoyera kale. Abambo anabwera masana. Anakhala pakhonde, anavula nsapato, anazigogoda fumbi, anapempha madzi. Anamwa pang'onopang'ono mpaka ndinatsala pang'ono kuwalanda kapuyo.

"Msika amanga kumtunda kokha," anatero pomaliza. "Ukhala waung'ono. Maminibasi aziima kumsewu waukulu. Kumunsi konse kukhala paki monga zinalembedwera kale. Mkuyu sakhudza."

Amayi anakhala pansi pomwepo, pa thope la madzi a sopo.

"Ati chifukwa chake n'chiyani?" ndinafunsa.

"Ati m'mphepete mwa mtsinje samanga, madzi akasefukira angakokolole zimbudzi." Anandiyang'ana kanthawi. "Ndi zomwe alemba."

Mpaka lero sindidziwa chomwe chinapulumutsa mtengowo, kaya ndi madzi, kaya ndi masamba, kaya mtsikana wa chitenje uja anakalankhula kumeneko. Sindifunanso kudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti thupi langa lonse linamasuka, ngati munthu watula mtolo wa nkhuni wochoka nawo kuphiri, khosi n'kupepuka mpaka kuchita chizungulire. Ndinaseka, ndinalira, ndinakankha beseni mwangozi zovala zoyera zija n'kugwera m'dothi, ndipo palibe anandikalipira. Amayi anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti akumva njala. Anadya mbatata zonse zotsala m'mawa, anaitanitsa mandasi kwa mnzawo uja, yemwe anabwera nawo yekha pakamwa patatsegukanso, akuimba nthungululu kuyambira pakhomo pake. Diresi lija ndinachita kulimasula m'chiuno ukwati usanafike.

Msika unamangidwa. Mabenchi anachepa, ndipo abambo sanapeze. Ine ndinapeza kangodya komwe makina amakwana koma kasitomala amayezedwa ataima panja. Abambo sanadandaulepo, jekete analibwezera m'sutikesi, ndipo tsiku lina ndinawamva akutsutsanso wailesi pa nkhani ya mpira. Kumunsi khonsolo inadzala timitengo, inaika mipando ya simenti, n'kuzunguliza mkuyu ndi kampanda kafupi. Mbuzi zinadya theka la timitengoto, koma paki inaoneka paki. Masiku ano ana akalumpha kampandako, wowakalipira ndine.

Mvula yoyamba itagwa chaka chimenecho, amayi anatenga khasu monga mwa masiku onse. Atatuluka panja anapeza abambo ataima pageti, atavala jombo, khasu lina lili paphewa. Anatsetsereka awiriwiri, ine ndikuwatsata chapatali, poti chidwi n'chobadwa nacho. Atafika pa kampanda abambo anaima, n'kutsitsa khasu.

"Amake mwana," anatero, osawayang'ana kumaso, "anali mwana wanji?"

"Wamwamuna."

Abambo anagwedeza mutu. Anapukuta kumaso ndi chipewa ngakhale kunalibe dzuwa.

"Tsogolani inu," anatero. "Muzindiuza poponda, ndingamuponde."